Mwini Bedi Loyamba

Mayi amene anawatsekera m'chitolokosi pa mlandu wopha nkhalamba ndi poizoni sankaoneka ngati munthu woti angaphe ngakhale nkhuku ya eni. Koma Sajeni Emily Likaomba anali atagwira upolisi zaka khumi ndi zinayi, ndipo zokhulupirira nkhope anasiya kalekale. Anakoka benchi n'kukhala moyang'anizana nawo.

Dzina lawo linali Molly. Ankaphika pa nyumba yosamalira okalamba ya Mthunzi Wabwino, kuseri kwa msika wa Lirangwe. Anawagwira dzulo lake, Lachitatu madzulo, epuloni ili m'chiuno, ndipo mpaka pano anali asanaivule. Mawa lake, Lachisanu, ankayenera kukaonekera kukhoti. Emily ankadziwa kuti munthu wosauka akangolowa kundende pa mlandu wakupha, imvi zimatha kumera asanamuone woweruza kachiwiri. Ngati panali choti chipezeke, chinayenera kupezeka lero.

"Mayi, akuti munawapatsa tiyi agogo Zuberi."

"Ndinawapatsa."

"Chonsecho bwana wanu analetsa."

"Analetsadi. Akuti pasapezeke wodya alendo asanafike, azungu akaone okha tikugawa mpunga wa nkhuku. Ndi phala la m'mawa lomwe sitinaphike. Ndiye ndege yawoyo inachedwa. Thu koloko ikukwana, anthu asanalawe kanthu. Ndikusuzumira mu wodi, ndikupeza a Zuberi thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera. Mukanakhala inu mukanatani, madamu?"

"Munathiramo chiyani?"

"Masamba ndi madzi basi. Shuga anakiyira mu ofesi, akuti ndi wa alendo."

"Akutinso munakangana nawo sabata yatha."

Molly anaseka kuseka kouma.

"Ankati ndimaba nyemba. Pamalo paja aliyense amati ndimaba nyemba, mpaka amene alibe mano otafunira nyembazo. Kukangana ndi nkhalamba ndiye ntchito yathu. Tsiku limene a Zuberi sananditukwane ndinkapita kukawagwira pachipumi."

Emily anayang'ana pepala limene mkulu wa nyumbayo anasaina dzulo. Linanena momveka kuti chilichonse chimene chinalowa m'kamwa mwa malemuyo tsiku limenelo chinadutsa m'manja mwa wophika.

"Mankhwala a m'mawa munagawa ndinu?"

"Masiku onse Sisita, namwino wathu, akatanganidwa ndimagawa ndine. Koma dzulo ayi. Kuyambira mbandakucha ndinali ndi nkhuku khumi ndi ziwiri, kupha ndekha, kusosola ndekha. Mu wodi ndinalowamo kamodzi komwe ka tiyiko."

"Ndiye anagawa ndani?"

"Kaya. Si Sisita kodi?"

Emily anapinda pepala lija. Akuimirira, mayiwo anamugwira mkono wa malaya.

"Mukafika mukauze amene akuphikayo kuti phala la Abiti Useni lizikhala lamadzimadzi. Amatsamwa."

*

Galimoto ya polisi inalibe mafuta, zimene sizinadabwitse munthu aliyense. Emily anakwera kabaza ya njinga yamoto n'kufika pa Mthunzi Wabwino nthawi ili cha m'ma naini, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha ngati lili ndi chifukwa.

Nyumbayo inali yaitali, yamalata, yopaka laimu watsopano kumaso kokha. M'mbali ndi kuseri munali mmene munalili chaka chatha. Chinsalu cholandirira alendo chinali chikadalendewera pachipata, ndipo pansi pake panaima bambo wonenepa bwino, atavala suti ndi tayi pa kutentha konseko. Amenewa anali a Gracian Matewere, mkulu wa pamalopo.

"Takulandirani, Sajeni. Tiyeni mu ofesi, muli fani."

Emily anali ndi kachizolowezi kake kamene ankanyadira nako. Sankafunsa munthu mafunso atakhala pampando wake womwe, chifukwa bodza limakoma munthu akakhala pamalo pake. Anazungulira kuseri kufunafuna mthunzi, a Matewere akumutsatira ndi timasitepe tofulumira. Kumapeto kwa mpanda, kutali ndi nyumba yaikulu, kunali kanyumba kosungiramo chimanga, kopanda zenera, kachitseko kachitsulo kokhala ndi loko wamkulu. Pambali pake panali mtengo wa mango. Emily anakhala pakhonde la kanyumbako, msana atatsamira chitseko.

"Pano pali bwino."

"Pali fumbi, Sajeni. Pali nyerere. Mu ofesi..."

"Khalani, bambo."

Anakhala pachitsa. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwawo n'kumalowa mu kolala, ndipo Emily anasangalala mumtima. Ankaganiza kuti ndi iyeyo amene akuwatulutsa thukutalo.

"Muli ndi anthu angati pano?"

"Mabedi makumi atatu, onse odzaza. Ntchito ya Mulungu, Sajeni. Anthu amene abale awo anawataya, ena anathamangitsidwa m'midzi akuti ndi afiti. Timawatola ife."

"Anamwino angati?"

A Matewere anapuma mozama, n'kuloza kumwamba kumbali ya Chileka.

"Tinali nawo anayi. Koma ndege zija mumaziona zikudutsa apazi, zimatenga anamwino. Wina ali ku Ulaya, wina ku Joni, wina analowa m'boma. Watsala Sisita Doreen yekha. Mtsikana wa golide."

"Dzulo anali kuti?"

"Ndinapita naye kubwalo la ndege kukalandira alendo athu, amene amatithandiza. Alendo akatsika ndege amafuna kuona yunifolomu yoyera. Zimawalimbitsa mtima."

"Ndiye anthu makumi atatu anatsala ndi ndani?"

"Ndi Molly. Ine ndinangowasiya a Sisita kumeneko n'kubwerera kudzakonza malo."

Kumbuyo kwa Emily, m'munsi mwa chitseko, munamveka kaphokoso. Kho. Kenako bata. Kenako kho, kofooka, ngati kachitsulo kagunda chitsulo chinzake.

Emily anatembenuza mutu.

"Makoswe," anatero a Matewere msangamsanga. "Atimaliza chaka chino. Akuluakulu ngati ana a mphaka. Ndagula kale mankhwala, n'chifukwa chake ndikukiya. Mwina ndi omwewo amene Molly anatapako."

"Makoswe anu ndi aulemu," anatero Emily. "Amagogoda."

Onse awiri anaseka. Kaphokoso kaja kanamvekanso kamodzi, koma maso a Emily anali atapita kale kwina. Pachingwe choyanikira zovala, pakati pa mabulangete ndi matewera a akuluakulu, panali mayunifolomu awiri oyera. Imodzi inali yaing'ono, yothetheka m'khwapa. Inayo inali yaikulu, yoti mungalowe anthu awiri a msinkhu wa yoyambayo, ndipo pa kolala pake panali banga lofiirira la zodzola za kumaso limene sopo analephera kuchotsa.

"Mwati namwino ndi mmodzi?"

"Mmodzi yekha."

"Amanenepa ndi kuwonda tsiku lomwelo?"

A Matewere anayang'ana wotchi yawo. Anati amukhululukire, alendo akunyamuka masana ano, akuyenera kukawatenga kuhotela m'tauni n'kukawaperekeza kubwalo la ndege. Anaimirira, nagwira thumba la buluku mmene munkalira makiyi, n'kudikira mpaka Emily atachoka pakhonde paja.

*

Fungo la mu wodi linamulandira asanalowe. Laimu sabisa mkodzo. Chinali chipinda chimodzi chachitali, chogawidwa pakati ndi mapulanga, azibambo kufupi ndi khomo, azimayi mkati. Wina ankaitana dzina la munthu amene mwina anamwalira kale. Wina ankangomenya supuni pachitsulo cha bedi.

Sisita Doreen anawapeza atagwada, akupukuta gogo wina amene anadziipitsira. Anali mtsikana wowonda, wosapitirira zaka makumi atatu, maso ofiira ngati wasuta. Sanaimirire.

"Funsani ndikugwira ntchito. Molly munamutenga, ndiye lero ndine namwino, ndine wophika, ndine wochapa. Phala likupserera panja apo."

"Anamwalira bwanji a Zuberi?"

"Tinafika ndi alendo folo koloko. Ndinawapeza atatsamira khoma, maso ali gwa, malovu akutsika. Bwana anauza alendo kuti agogo akusinza. Anawajambula zithunzi choncho." Anafinya nsalu m'ndowa. "Kachipangizo kathu koyezera shuga kanatha timapepala mwezi wa Juni. Alendo atapita kukadya m'pamene bwana anandilola kuwatengera a Zuberi kuchipatala. Kumeneko anawabaya chala, shuga anali atatsikiratu. Anayesa kuwaika diripi, koma kunali kutachedwa."

"Ankadwala shuga?"

"Ayi."

"Nanga shuga wa munthu wosadwala amatsika bwanji mpaka kufa?"

Doreen anapitiriza kupukuta malo amene anali atayera kale. Emily anadikira. Anali ataona kuti anthu otopa sachedwa kugonja, chifukwa kusunga chinsinsi nakonso kumafuna mphamvu.

"Mayi uja mawa akupita kukhoti," anatero Emily. "Mukumudziwa bwino kuposa ine."

Namwinoyo anaimirira pang'onopang'ono atagwira msana. Anapita pakabati ya mankhwala, nagwada, n'kusolola chinthu chimene anachibisa kuseri kwake. Inali thireyi ya mazira, ya katoni, yokutidwa ndi kansalu.

"Musandiseke. Mabotolo tilibe, nthawi yolemba mayina ndilibe, ndipo Molly sawerenga. Thireyi ili ndi maenje makumi atatu, ife tili ndi mabedi makumi atatu. M'mawa uliwonse ndimaika mapiritsi a munthu aliyense m'dzenje lake. Dzenje loyamba, bedi loyamba kuchokera pakhomo. Lachiwiri, lachiwiri. Zaka ziwiri takhala tikutero, osalakwitsa ndi kamodzi komwe, chifukwa Molly amawadziwa anthuwa ngati ana ake. Iyi ndi ya dzulo. Ndinaidzaza ndisanapite kubwalo la ndege."

Anavundukula. Maenje onse anali opanda kanthu kupatula limodzi, pamzere wachiwiri kumapeto, mmene munali kapiritsi kamodzi koyera.

"Limeneli ndi la khumi ndi chiwiri," anatero Doreen. "Panado wa maondo. Bedi la a Zuberi, uko pafupi ndi chimbudzi."

"Ndiye sanamwe mankhwala awo."

"Sanali pabedi lawo. Ndinawapeza apa." Analoza bedi loyamba, pakhomo penipeni, loyalidwa bulangete latsopano. "Anagwira ntchito yonyamula katundu kubwalo la ndege zaka makumi atatu. Chizungu ankachitafuna, ndevu zoyera bwino, nkhope yosangalatsa. Bwana anafuna kuti alendo akangolowa ayambe kuona iwowo."

"Nanga mwini bedi loyamba ndani?"

"A Solomoni. Sitiroko inawapha mbali imodzi, salankhula, sayenda. Ali ndi shuga, ndipo ali ndi chilonda chapamwendo chonunkha kwambiri. Amamwa mapiritsi awiri amphamvu m'mawa uliwonse, koma atadya kaye. Bwana akuti mphwawo anabwera kudzawatenga dzulo m'mawa ine nditachoka, akakhale kumudzi masiku angapo."

Emily anayang'ana dzenje loyamba. Munalibe kanthu. Mwini wake anali atachoka, koma mapiritsi ake anamwedwa.

"Mapiritsi a shuga, munthu wopanda shuga, m'mimba mopanda kanthu tsiku lonse," anatero Doreen ndi mawu ophwa. "Masupuni awiri a shuga mu tiyi uja, bwenzi lero akutitukwana. Masupuni awiri basi."

"Bwanji simunanene dzulo?"

"Bwana anati thireyi ndi yanga, satifiketi ndi yanga, ndiganize bwino. Ndipo mukanditenga ine, awa atsala ndi ndani?" Anayang'ana mabedi aja mmodzimmodzi. "Ndikuuzeni zoona, Sajeni. Atandiuza kuti a Solomoni apita kwawo, sindinafunse n'komwe kuti mphwawo uti, pomwe zaka zonsezi sindinaonepo wachibale. Mumtima ndinangoti bola, thewera limodzi lachepa. Ndi mmene ndafikira."

Emily analemba m'kabuku kake kuti afufuze za achibale a Solomoni, n'kudula mzere pansi pake. Zimenezo zinali za mawa. Za lero zinali za Molly.

"Anagawa ndani mapiritsiwa?"

"Bwana akuti Molly. Koma Molly sakanawapatsa a Zuberi za a Solomoni ngakhale atatseka maso. Titafika ndinapeza mayi wina ataima pakhomo, atavala yunifolomu ya mnzanga amene anapita kunja. Bwana anauza alendo kuti ndi namwino wathu wachiwiri. Sindimudziwa. Ine kunja kwa mpanda uno sindituluka kawirikawiri."

"Ine ndikumudziwa."

Mawuwo anachokera kuseri kwa mapulanga.

*

Abiti Useni anali kamunthu kochepa, kakhungu, kokhala tsonga pabedi ngati kakudikira basi. Anafuna kaye kugwira dzanja la Emily, nalisisita mpaka m'zala.

"Manja a ntchito awa. A Sisita ndi ozizira, amanunkha jiki. A Molly ndi okhakhala, amanunkha utsi ndi anyezi. Koma amene anandipatsa mankhwala dzulo, mwanangu, zikhadabo kutalika ngati za kabawi. Anandikanda mlomo, taonani apa. Ndipo fungo lake ndi la mankhwala aja owongolera tsitsi, oyabwa m'mphuno."

"Analankhula?"

"Ankangoti, ‘Yasamulani agogo, yasamulani,’ ngati akudyetsa mbuzi. Koma nsapato zake ndimazidziwa. Zimabwera Loweruka lililonse masana, ko ko ko, kulowa mu ofesi, chitseko n'kutsekedwa. Anthu amaiwala kuti wakhungu ali ndi makutu. Ndi Prisca ameneyo, wa saluni ya pafupi ndi chigayo. Amayi ake ndinkagulitsa nawo tomato."

Mtima wa Emily unagunda mokoma, mmene unkachitira nthawi zonse nkhani ikayamba kumasuka. Anatseka kabuku.

"Zikomo, agogo. Mwathandiza kwambiri."

"Ndinamvanso wilibala," anapitiriza gogoyo, atagwirabe dzanja lija. "Ija yolira gudumu. Inalowa muno m'mawa, ine n'kumati kodi wilibala mu wodi..."

"Ndibweranso, agogo. Mudzandiuza zonse."

Anasolola dzanja lake mwaulemu. Nkhalamba ukaipatsa khutu imakusunga mpaka dzuwa kulowa, ndipo iye analibe dzuwa lotaya. Akutuluka anakumbukira uthenga uja, nauza Doreen kuti phala la Abiti Useni lizikhala lamadzimadzi.

*

Saluni anaipeza yotseka. Mayi wogulitsa mandasi pafupi anati Prisca wapita ku Lunzu kukagula tsitsi la mesh, abwera posachedwa. Posachedwa wa pa Lirangwe anakwana maola awiri ndi theka. Emily anakhala pabenchi ya chigayo, akumwa madzi a m'pepala, n'kumaona minibasi iliyonse imene inkaima. Wani koloko itadutsa, munatsika mayi wathupi, wa nsapato zazitali, zikhadabo zofiira zoikirira. Ataona yunifolomu ya polisi, jumbo imene ananyamula inagwa.

Sanavute. Anthu ngati Prisca amalimba pakamwa pa nkhani za amuna a eni, osati pa nkhani ya maliro.

"Ine sisi, za mankhwala sindidziwa olo pang'ono. Gracian anangoti ndi za zithunzi basi. Akuti azungu aja amadziwa kuti pali manesi angapo, ndiye akapeza mmodzi zivuta. Ndingovala, ndiziseka, ndisalankhule zambiri."

"Ndiye thireyi inafika bwanji m'manja mwanu?"

"Nthawi inakwana, anthu anayamba kuitana mankhwala. Gracian anati Molly asachoke pa nkhuku. Akuti n'zosavuta, olo mwana angathe, dzenje ili bedi ili, dzenje ili bedi ili. Ndinangotsatira. Bedi lina linali lopanda munthu, ndinalidumpha. Ndinalakwa pati?"

"Bambo a pabedi loyamba anamwa bwinobwino?"

Prisca anayang'ana zikhadabo zake.

"Anakana. Anati awa si anga, ine ndimamwa kamodzi koyera. Ananena pa Chichewa, anabwereza pa Chizungu. Ine ndinamuitana Gracian. Iye anati nkhalamba zimatero, ukazimvera sugwira ntchito. Anawagwira chibwano, ine ndinaponyamo, anawathira madzi. Anatiyang'ana, sisi. Kenako anangoti, ‘Thank you, nurse.’ Monyoza. Ndiye tinaseka."

Emily analemba mawu onse, nawerenga mokweza, Prisca n'kusaina. Molly anali atatuluka m'chitolokosi ndi siginecha imeneyo, ngakhale mwini wake anali asanadziwe. Emily anamva kukoma kwa ntchito yogwirika, ndipo anafunsa funso lomaliza mongotsekera nkhani.

"Mphwawo wa a Solomoni munamuona? Amene anabwera kudzawatenga?"

"Solomoni ndi uti?"

"Mwini bedi loyamba. Wa chilonda."

"Oo, wonunkha uja? Palibe anabwera kudzamutenga. Gracian anamukweza pa wilibala n'kupita naye kuseri. Akuti azungu akamva fungo limenelo sadya. Anati akamusunga kokhala chimanga, amutulutsa alendo akapita." Anakweza mapewa. "Si anamutulutsa kodi?"

Emily anamva msana wake kuzizira, pamalo penipeni pamene unatsamira chitseko chija.

*

Sanadikire kabaza. Anathamanga kudutsa pamsika, anthu akumupatukira, ena akuseka kuona wapolisi wamkazi akuthamanga popanda wakuba patsogolo. Pachipata anakuwa dzina la Doreen. Makiyi anali m'thumba la a Matewere, ndipo a Matewere anali kubwalo la ndege akugwedeza dzanja. Emily anatola nkhwangwa ya nkhuni kukhitchini.

Loko anali wabwino, wodula kuposa chilichonse chimene chinali mu wodi. Anagonja pa nkhwangwa yachisanu ndi chimodzi.

Chitseko chinatseguka pang'ono n'kuima. Chinachake chinkachitchinga m'munsi. Doreen, amene anali wowonda, analowa chammbali, ndipo mpweya umene unatuluka unali wotentha ngati wa mu uvuni wa njerwa, wosakanikirana ndi fungo la chilonda ndi la mankhwala a anankafumbwe.

A Solomoni anali atagona chafufumimba kuseri kwa chitsekocho. Mphasa imene anawagonekapo inali kumapeto, pakati pa matumba, ndipo pafumbi la pansi pankaoneka njira imene anadzikoka ndi mkono umodzi ndi mwendo umodzi. Kuchokera pamphasa kufika pachitseko panali masitepe anayi a munthu wabwinobwino. M'dzanja lawo lamoyo munali kapu yachitsulo, youma, yophwanyika m'mphepete.

Doreen anagwada, nagwira pakhosi, nasunthira zala pena, nadikira. Anatsegula chikope. Kenako anakhala pansi pafumbipo, miyendo atatambasula ngati mwana.

"Sanaume n'komwe," anatero. "Ola limodzi. Mwina awiri."

Emily anawerenga chammbuyo, ngakhale sankafuna. Maola awiri apitawo anali pabenchi ya chigayo akumwa madzi ozizira. Maola anayi apitawo Abiti Useni anali atamugwira dzanja. Maola asanu apitawo anali pano, pakhonde ili, ndipo pakati pa msana wake ndi kapu iyi panali chitsulo chopyapyala ngati chikhatho. Munthuyo anamva mawu a wapolisi, nasonkhanitsa mphamvu zonse za usiku ndi usana, n'kugogoda katatu. Ndipo wapolisiyo ananena nthabwala.

Manyazi amene anamugwira anali oposa chisoni.

Galimoto ya a Matewere inalowa pachipata patangopita mphindi zochepa. Anatsika akumwetulira, atanyamula envelopu yaikulu ndi chipewa chimene alendo anawasiyira. Ataona chitseko chotsegula, kumwetulirako kunatsala pankhope kopanda mwini.

"Ndimati ndiwatulutse, Sajeni. Dzulo kunali chipwirikiti, apolisi ali ponseponse, kenako alendo anandiitanira chakudya kuhotela. Lero m'mawa ndikuti nditsegule, inu mwafika. Ndinawasiyira madzi. Funsani aliyense, ndinawasiyira madzi m'kapu."

Emily anawaveka unyolo. Anaumanga mothina kuposa mmene lamulo limafunira, ndipo bamboyo atadandaula, anauthinitsanso.

"Mukudziwa chimene mukuchita?" anatero a Matewere, ulemu utatha. "Mukanditsekera ine, alendo aja sabweranso. Pano patsekedwa. Anthu awa muwatengera kwanu? Mukawasiya kumidzi komwe anafuna kuwawotcha?"

Mu wodi wina anali atayambanso kumenya supuni pabedi, ndipo Doreen anadzuka pafumbi paja, nadzikuntha, n'kupita. Anatsala ndi anthu makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndipo nayenso ankadziwa kuti thireyi ija ikafika kukhoti, dzina limene lidzatchulidwe pambuyo pa la bwana ndi lake.

*

Emily anawatulutsa Molly dzuwa likupendeka. Mayiwo anasaina ndi chala, namanganso bwino epuloni yawo, n'kuima pakhomo la polisi akuphethira ngati munthu wochokera m'dzenje. Emily anawauza za thireyi, za Prisca, za a Zuberi ndi chibwano chawo. Anamvetsera akupukusa mutu, misozi ikutsika osaipukuta.

"Ndiye ndikanangoba shuga uja," anatero. "Zaka zonsezi akundinena kuba, tsiku loti ndibe ndinaopa."

Emily anatsegula pakamwa kuti anene zotsalazo. Anali atauzapo anthu ambiri za imfa, amayi a ana ogundidwa ndi galimoto, akazi a amuna ophedwa kumowa, ndipo nthawi zonse ankapeza poyambira. Lero analibe.

"Ndithamange," anatero Molly, akuyang'ana kumsewu ngati kukubwera kabaza. "Sisita yekha sangathe. Anthu aja sanadye bwino masiku awiri." Anayenda masitepe angapo, kenako anatembenuka. "Kodi a Solomoni abwerako kwa achibale aja? Ndifunse, kuti ndidziwe ngati ndipatule phala lopanda shuga. Anthu akumudzi sadziwa, angawapatse zotsekemera. Munthu ujatu satha kudzinenera."